Akhristu a ku Mangochi, Tikulimbirana Chiyani?

Mtumwi Paulo atasiya Tito pachilumba cha Krete kuti alongosole zinthu m'mipingo yomwe inali itangoyamba kumene, adamulembera kalata yaifupi imene mutu wake wachitatu uli ndi malangizo awiri ogundizana. Pa ndime 8 akunena kuti anthu amene akhulupirira Mulungu aziika mtima wawo pa ntchito zabwino, chifukwa zimenezo n'zimene zimapindulitsa anthu, ndipo pa ndime 9 akumuuza kuti apewe mafunso opusa, nkhani za mibado ya makolo, ndewu ndi makangano okhudza chilamulo, popeza n'zachabe. Ndakhala ndikusinkhasinkha chifukwa chimene malangizo awiriwa adaikidwira pamalo amodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti Paulo ankadziwa bwino kuti mpingo uli ndi anthu omwewo, nthawi yomweyo ndi thumba lomwelo la ndalama. Chilichonse chimene chapita ku mkangano chalandidwa kwa wodwala, kwa wamasiye ndi kwa mwana amene wasowa fizi.

Nkhaniyi ndi yofunika kulikonse, koma kuno ku Mangochi ili ndi kulemera kwake kwapadera. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma lino muli anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. M'madera monga Namwera, Katuli ndi Makanjira muli midzi yomwe Akhristu ake ndi mabanja owerengeka chabe. Anzathu Achisilamuwa timatunga nawo pamjigo umodzi, timagula nawo usipa padoko limodzi, timakwera nawo kabaza, ndipo ambiri a ife tili ndi agogo, atsibweni kapena alamu amene amapemphera ku mzikiti. Anthu amenewa sawerenga katekisimu wathu ndipo samvetsera maulaliki athu a Lamulungu, koma amationa tsiku ndi tsiku. Yesu adauza ophunzira ake pa Yohane 13:35 kuti anthu onse adzawazindikira kuti ndi ake akamakondana, ndipo mawu amenewa amandiopsa ndikaganiza za zimene mnansi wanga amaona akamayang'ana matchalitchi awiri oyandikana omwe anthu ake sapatsana moni.

Tiyeni tinene mosabisa zimene timakanganirana. Pakati pa mipingo yosiyana timalimbana pa za tsiku lopembedza, kaya ndi Loweruka kapena Lamulungu. Pa za ubatizo, kaya womiza mumtsinje wa Shire kapena wothira madzi pamutu. Pa za ubatizo wa ana, za kulankhula malilime, za Maria, za chakhumi, za kavalidwe ka amayi, ngakhalenso pa za mlamba ndi kampango, ngati Mkhristu angadye nsomba zopanda mamba kapena ayi. Sindikunyoza aliyense amene ali ndi chikhulupiriro cholimba pa zinthu zimenezi, chifukwa inenso ndili ndi changa, ndipo ndimachigwira mwamphamvu. Chimene chimandiwawa ndi momwe timachigwiritsira ntchito. Mlaliki amakweza zokuzira mawu pamsika n'kutha madzulo onse akutchula mipingo ina mayina achipongwe, ndipo achinyamata amatha mabandulo awo m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook akuponyerana mavesi mpaka usiku, popanda ngakhale mmodzi amene watembenuka mtima. Komatu nkhani za masiku ndi zakudya si zatsopano. Akhristu a ku Roma adalimbanapo pa zomwezo, ndipo pa Aroma 14 Paulo sadalamule kuti onse afanane maganizo. Adati aliyense akhale wotsimikiza mumtima mwake, wakudya asanyoze wosadya, wosadya asaweruze wakudya, chifukwa ufumu wa Mulungu si chakudya ndi chakumwa ayi, koma chilungamo, mtendere ndi chimwemwe mwa Mzimu Woyera.

Mikangano yoopsa kwambiri, komabe, ndi ya m'kati mwa mpingo umodzi, pakati pa anthu amene amadya mgonero pagome limodzi. Imeneyi kawirikawiri imavala chovala cha chiphunzitso, koma mukaivula mumapeza kuti pansi pake pali udindo, ndalama kapena chipongwe chakale chimene sichidakhululukidwe. Yakobo adafunsa pa mutu 4 wa kalata yake kumene nkhondo ndi ndewu za pakati pa abale zimachokera, ndipo adayankha yekha kuti zimachokera ku zilakolako zimene zimalimbana m'kati mwathu. Masankho a akulu a mpingo akayandikira, anthu amayenda usiku khomo ndi khomo kukopa anzawo. Abusa akasamutsidwa, mpingo umagawika pakati, ena a abusa akale, ena a abusa atsopano, monga momwe a ku Korinto ankanenera kuti uyu ndi wa Paulo, uyo ndi wa Apolo, winayo ndi wa Kefa. Kwaya ziwiri zimasiya kulankhulana chifukwa cha kiyibodi. Zikafika poipa, ena amathamangira kukhoti kukatenga chiletso, tchalitchi n'kutsekedwa ndi loko, ndipo ndalama za pepala Sande zimene amayi adasonkha pogulitsa mandasi ndi tomato zimathera kwa maloya. Pa 1 Akorinto 6 Paulo adanena kuti kungokhala ndi milandu yotere pakati pa abale ndi kugonja kale, mlandu usanaweruzidwe n'komwe.

Akuluakulu adati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Mpingo ukalowa m'nkhondo, choyamba kufa si ulaliki kapena nyimbo, chifukwa mbali iliyonse imapitiriza kulalika ndi kuimba mokweza kuposa kale. Chimene chimafa mwakachetechete ndi maulendo okaona odwala. Amayi a Mvano amene ankapita limodzi kukasinjira nkhalamba amasiya chifukwa mtsogoleri wawo ndi wa mbali inayo, thumba la zachifundo limaumitsidwa mpaka nkhani itatha, ndipo gogo amene ankalandira sopo ndi ufa mwezi uliwonse amangoona kuti kwazizira, osadziwa n'komwe kuti kutchalitchi kukuchitika chiyani. Dzina lake silitchulidwa pamsonkhano uliwonse wa mbali ziwirizo.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti choonadi n'chofunika kuposa mtendere, ndipo kuti Mkhristu amene amathawa mkangano uliwonse amatha n'kugulitsa chikhulupiriro. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo ndiyenera kuiyankha mwaulemu. Paulo yemweyo amene adaletsa makangano opusa adamutsutsa Petro pamaso ku Antiokeya pamene Petro adasiya kudya ndi Akhristu a mitundu ina chifukwa choopa anthu, monga tiwerenga pa Agalatiya 2. Atumwi adachita msonkhano waukulu ku Yerusalemu pa nkhani ya mdulidwe, ndipo Machitidwe 15 akunena poyera kuti padali kutsutsana kwambiri. Choncho si mkangano uliwonse umene uli wopusa. Msungichuma akamadya ndalama za mpingo, mtsogoleri akamanyengerera atsikana a m'kwaya, mlaliki akamauza odwala kuti asiye kumwa ma ARV chifukwa wawapempherera, kukhala chete si mtendere koma kugwirizana ndi choipa, ndipo zina mwa nkhani zoterezi n'zoyenera kukafika kupolisi, osati kuthera m'bwalo la mpingo lokha.

Nanga tingasiyanitse bwanji mkangano wofunika ndi wachabe? Ine ndimathandizidwa kwambiri ndi nkhani ya pa Machitidwe 6, yomwe ndi mkangano woyamba wa m'kati mwa mpingo umene Baibulo likutifotokozera mwatsatanetsatane. Akhristu olankhula Chigriki adadandaula kuti amayi awo amasiye ankaiwalidwa pa kagawidwe ka chakudya ka tsiku ndi tsiku, pamene amasiye a olankhula Chihebri ankalandira. Imeneyi idali nkhani ya tsankho la chilankhulo ndi mtundu, yomwe ife a ku Mangochi, kumene mu tchalitchi chimodzi mumakhala Ayao, Anyanja, Alhomwe, Angoni ndi Atumbuka obwera pantchito, tiyenera kuimvetsa msanga. Atumwi sadauze odandaulawo kuti akhale chete chifukwa cha umodzi wa mpingo. Sadathenso miyezi akufufuza amene adayambitsa, kapena kutsutsana za chilankhulo chimene chili choyera kuposa chinzake. Adaitana gulu lonse, nalipempha kuti lisankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino oti ayang'anire ntchitoyo, ndipo mayina a onse amene adasankhidwa, kuyambira Stefano ndi Filipo, ndi achigriki, zomwe zikusonyeza kuti udindowo udaperekedwa m'manja mwa mbali imene idali yodandaula. Mkanganowo udatha chifukwa amasiye adayamba kudya. Apa ndi pamene ndimapezapo muyeso wanga: ndisanalowe m'nkhani iliyonse ya mumpingo, ndimadzifunsa kuti nkhaniyi ikatha, ndani amene adye, achire, atetezedwe kapena amve Uthenga Wabwino momveka kuposa kale. Ngati yankho lake ndi lakuti palibe, koma kuti ine ndidzaoneka wodziwa Malemba kuposa mnzanga, ndiye kuti ndi imodzi mwa nkhani zimene Tito adauzidwa kuti azipewe.

Mbiri ya Chikhristu m'boma lathu lino ikutiphunzitsanso kanthu. Amishoni a Livingstonia atafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala, gulu lawo silidali la mpingo umodzi. Ulendowo udali wa Free Church of Scotland, koma Dr Robert Laws adali wa United Presbyterian Church, ndipo Henry Henderson, amene adatsagana nawo kudzafuna malo omwe pambuyo pake adakhala mishoni ya Blantyre mu 1876, adali wa Church of Scotland. Kwawo ku Scotland mipingo imeneyi idali yogawikana, ndipo Free Church idachoka mu Church of Scotland mu 1843 pambuyo pa mkangano waukulu, koma atafika pagombe la nyanja yathu, malungo, malonda a akapolo ndi kuchuluka kwa odwala zidawachititsa kugwirana manja. Pamene ankasamukira ku Bandawe mu 1881 adasiya manda a anzawo ku Cape Maclear ndi Mkhristu mmodzi yekha wobatizidwa, Albert Namalambe. Ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers adafika kwa Mponda mu 1889 n'kuchoka mu 1891, ndipo Aanglikani adalumikizira sitima yawo ya Chauncy Maples komweko kwa Mponda, yomwe idalowa m'madzi mu 1901 n'kuyamba kunyamula ansembe, aphunzitsi ndi mankhwala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Sindikufuna kuwapaka anthu amenewa utoto woyera, chifukwa n'zodziwika kuti amishoni adabweretsanso mikangano ya kwawo, ndipo Akatolika ndi Apulotesitanti adalimbirana midzi ndi masukulu kwa zaka zambiri m'dziko muno. Komabe tikafunsa lero kuti pa zonse zimene adachita chatsala chothandiza n'chiyani, tipeza kuti mpikisano wawo udangotisiyira kukayikirana, pamene zipatala ndi masukulu awo akutumikirabe anthu.

Wodwala akafika pachipatala cha St Martin's ku Malindi, chomwe ndi cha Aanglikani, kapena cha Koche, chomwe ndi cha Akatolika, namwino samufunsa kuti adabatizidwa motani asanamuyeze malungo, ndipo ambiri mwa amayi amene amachilira m'zipatala zimenezi ndi Asilamu. Zipatala za mipingo yosiyanasiyana zili pansi pa bungwe limodzi la CHAM, lomwe lidayamba mu 1966, ndipo zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'Malawi, makamaka kumidzi. Baibulo la Buku Loyera, lomwe lidatuluka mu 1998, adalimasulira limodzi Akatolika ndi Apulotesitanti. Mu 1992 maepiskopi a Katolika atalemba kalata yawo yodzudzula kupondereza anthu, atsogoleri a mipingo ina adaima nawo, ndipo chaka chomwecho kudabadwa bungwe la Public Affairs Committee, momwe mudalowanso Asilamu, lomwe lidakambirana ndi boma mpaka dziko lidafika pa riferendamu ya 1993. Pa zonsezi palibe mpingo umene udasiya chiphunzitso chake. Adangozindikira kuti pali ntchito imene singadikire kuti ayambe agwirizana pa chilichonse.

Ntchito yoteroyo kuno kwathu ndi yochuluka kwambiri moti n'zochititsa manyazi kuti tili ndi nthawi yokangana. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa kwambiri, makamaka m'madoko momwe anthu ambiri amamwa madzi a m'nyanja ndipo zimbudzi n'zochepa. Kolera amapewedwa ndi zinthu zimene mpingo uliwonse ungathe kuchita: kukumba chimbudzi, kukonza mjigo wowonongeka, kugawa klorini, kuphunzitsa anthu kusamba m'manja ndi sopo, ndi kuthamangira ndi wodwala kuchipatala madzi asanathe m'thupi. Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi adakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu okhala m'mphepete. Nsomba zachepa m'nyanja ya Malombe, ndipo chambo chimene chidatchukitsa boma lino chasanduka ndiwo ya anthu a ndalama. Amuna ambiri adapita ku Joni, ena amatumiza thandizo, ena adangoti zii, kusiya amayi akulera ana okha ndi ngongole za katapila. Anyamata amasiya sukulu kukakoka makoka, atsikana amakwatiwa asanamalize pulayimale, m'ndende muli abale amene palibe amawayendera, ndipo kuchipatala anthu odikirira odwala amene achokera kutali ngati ku Makanjira amatha kugona ndi njala ufa ukawathera. Pa ndime 14 ya mutu womwe uja, Paulo adabwereza kwa Tito kuti anthu athu aphunzire kuchita ntchito zabwino pothandiza pa zosowa zenizeni, kuti asakhale osabala zipatso. Zosowa zenizeni za ku Mangochi sitichita kuzifunafuna, zili pakhomo pa tchalitchi chilichonse.

Pali abale ena amene amachita mantha akamva mawu akuti ntchito zabwino, poganiza kuti tikuphunzitsa kuti munthu angagule chipulumutso. Ayi ndithu. Aefeso 2:8-9 akunena momveka kuti tidapulumutsidwa mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro, osati mwa ntchito, kuti wina asadzitame, koma ndime 10 yotsatirayo ikuti tidalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu adatikonzeratu. N'zomvetsa chisoni kuti ngakhale nkhani imeneyi ya chikhulupiriro ndi ntchito taisandutsa bwalo la mtsutso, m'malo moti tidzuke n'kukafolera nyumba ya mayi wamasiye mvula isanagwe. Yakobo adafunsa kuti pali phindu lanji kuuza m'bale wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere, akafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu.

Ndiyenera kuchenjezanso kuti mzimu wa mkangano umatha kulowa m'ntchito zachifundo momwemo. Timapita kukacheza ndi odwala titavala mayunifomu, n'kuwajambula zithunzi atanyamula paketi ya shuga kuti mpingo wa tsidya lina uone kuti ife ndiye achifundo, pamene Yesu pa Mateyu 6 adati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Timagawa chimanga kwa okhawo amene ali m'kaundula wathu, kudumpha nyumba ya mnansi wanjala chifukwa amapemphera kwina. Ena amasandutsa thandizo kukhala nyambo, kulonjeza fizi kwa mwana wa Msilamu pokhapokha atayamba kubwera ku tchalitchi, ndipo khalidwe limeneli limanyozetsa Uthenga Wabwino n'kuyambitsa udani umene m'boma ngati lathu ungathe kuyaka msanga. Yohane atauza Yesu kuti adaletsa munthu wina kutulutsa ziwanda m'dzina lake chifukwa sadali wa m'gulu lawo, Yesu adamuyankha pa Marko 9 kuti asamuletse. Ngati amayi a Dorika afika kale kwa wodwala, amayi a Mvano kapena a Mothers' Union alibe chifukwa chokhumudwira, koma afunse kuti chatsala n'chiyani, kaya ndi nkhuni, kaya ndi ndalama ya kabaza yopitira kuchipatala.

Ndikupempha abusa, ansembe, akatekisiti ndi akulu a mipingo kuti ayang'anenso ndondomeko ya misonkhano yawo. Nthawi zambiri timayamba ndi milandu, malipoti a ndalama ndi madandaulo, ndipo pofika pa nkhani ya odwala ndi amasiye dzuwa limakhala litapendeka, anthu atatopa, n'kungoti tidzakambirana ulendo wina. Bwanji osayamba ndi kuwerenga mayina a odwala, okalamba ndi ana amene asiya sukulu m'milaga ndi m'malimana athu, n'kugwirizana kuti ndani apita kwa yani ndipo anyamula chiyani, kenaka milandu n'kubwera pambuyo? Ndikukhulupirira kuti milandu yambiri idzaoneka yaing'ono ikabwera pambuyo pa mayina amenewo. Pamaliro a banja lomwe lili ndi anthu a mipingo yosiyana, atsogoleri akumane m'mawa ndi eni mbumba n'kugwirizana za mwambo wonse, kuti ofedwa asamaonerere anthu a Mulungu akulandana mwayi wolalika mtembo uli pakati, ndipo wolalikayo atonthoze olira, osati kugenda mipingo ina imene yabwera kudzakhuza.

Kwa ife tonse amene si atsogoleri, njira idaperekedwa kale pa Mateyu 18:15, yakuti m'bale wako akakuchimwira upite kukamuuza muli awiri, osati kuyamba ndi gulu la WhatsApp la mpingo. Zikatheka kuti awiri alephera kumvana pa kagwiridwe ka ntchito, angathe kusiyana popanda kuwononga ntchitoyo, monga Paulo ndi Barnaba adasiyana chifukwa cha Yohane Marko, wina n'kulowera ku Kupro, wina ku Siriya ndi Kilikiya, ndipo patapita zaka Paulo yemweyo adalembera Timoteo kuti abwere naye Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Ku Filipi kudali amayi awiri, Euodiya ndi Suntuke, amene adasemphana maganizo mpaka nkhani yawo idamufika Paulo ali m'ndende. Polemba pa Afilipi 4 sadatchule chimene adayambanirana ndipo sadanene amene adalakwa. Adawadandaulira aliyense pomutchula dzina kuti akhale ndi mtima umodzi mwa Ambuye, adapempha mnzake wokhulupirika kuti awathandize, ndipo adakumbutsa mpingo wonse kuti amayi awiriwa adagwira naye ntchito yolimba pofalitsa Uthenga Wabwino. M'matchalitchi athu a kwa Mponda, kwa Chimwala, kwa Jalasi ndi kwa Nankumba muli anthu ambiri otere, amene kale ankayendera limodzi odwala koma lero amakhala mabenchi otalikirana, ndipo pakufunika wachitatu woti apite kwa aliyense wa iwo sabata ino n'kuwapempha kuti amuperekeze kuchipatala Loweruka likubwerali.